Musalole munthu aphwetse dziwelo muli tiana ta nkhasi

Mayi, mwafunsa za tizilombo timene mwationa tikuothera dzuwa pa chipika cha m'dziwe lanu, kuti ndi tichiyani komanso ngati tikudwala. Timeneto ndi tiana ta nkhasi, zija za chigoba chofewa, ndipo kukhala kwake duu padzuwa si matenda ayi. Ngati tili ndi mphuno yaitali ngati kapaipi, msana waphwatalala wokutidwa ndi chikopa m'malo mwa mamba olimba, komanso zikhadabo zitatu pa phazi lililonse, musakayikenso. Timaothera dzuwa kuti thupi lifunde, chakudya chigayike ndiponso khungu liume. Koma chonde, munthu aliyense asaphwetse dziwelo ati alitsuke.

Ine ndinali nato totere. Make anaikira mazira mumchenga wa m'mbali mwa dziwe osaonedwa ndi munthu, ndipo poti mazira a nkhasi amatha miyezi iwiri kapena itatu asanaswe, tinangozindikira tiana tili kale m'madzi, kalikonse kosapitirira masentimita 4. Pampu itawonongeka ndinaitana munthu woti aikonze, ndipo ndinamuuza maso ndi maso kuti madzi asawakhudze. Pobwerako masana ndinapeza dziwe lili gwaa, iye ali mkati ndi bulashi ya waya, fungo la klorini lili ponseponse. Mchenga wonse wa pansi anali ataukokolola ndi fosholo n'kuuunjika pa kapinga, osadziwa kuti nkhasi ikaopa imadzikwirira mumchenga momwemo n'kungotulutsa kamphuno. Ndinagwada n'kuyamba kufukula muluwo ndi manja. Kena ndinakapeza katadulidwa msana ndi fosholo, kakuyendetsabe miyendo. Totsalato anali atatiponya m'ndowa yachitsulo yopanda madzi, padzuwa lamasana, tikukanda m'mbali mpaka pamimba pofiira. Sabata isanathe zilondazo zinamera zoyera za mafangasi, tinasiya kudya, ndipo kamodzi kokha ndi kamene kanapulumuka.

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi yankho lake. Anaseka, nati wandichitira zabwino pondichotsera zilombo zomwe zikanatha nsomba zanga, kenaka anafuna ndimuwonjezere malipiro a ntchito imene sindinamutume. Munthu wodzitcha katswiri wa maiwe, osadziwa kuti chikopa cha nkhasi sichichedwa kukalika, ndiponso kuti nyamayi ikakhala pansi pa madzi imatengako mpweya kudzera pakhungu ndi m'kati mwa khosi, motero mankhwala a m'madzi amaipweteka msanga kuposa kamba wa chigoba cholimba! Pampu yomweyo inafanso pasanapite nthawi.

Tsono inu tiana ta nkhasito tisiyeni tikhale. Musatigwiregwire, musatipatse zotsala za patebulo, chifukwa timadzisakira tokha tizilombo ta m'madzi, mbululu, nkhono ndi tinsomba. Pamalo osaya thirani mchenga wosalala wa kumtsinje, osati miyala yakuthwa, ndipo chipikacho chikhale chopendekera m'madzi kuti tikadzidzimuka tizingotsetsereka. Ikaninso zomera zoyandama kuti akakowa ndi akhwangwala asamatione mosavuta. Mukafuna kutionerera imani patali, poti ngakhale chithunzithunzi cha munthu chimatithamangitsira pansi.

Komabe, kunena zoona, ngati m'dziwemo muli nsomba zimene mumazikonda, musadikire kuti nkhasizo zikule. Zazikazi za mitundu ina zimapitirira masentimita 40, ndipo kadziwe ka pakhomo sikangazikwane. Kanga kopulumuka kaja katakula kanayamba kubudula nsomba zipsepse, mpaka ndinakachotsa. Musanakazitaye kumtsinje funsani a zanyama zakutchire ngati mtunduwo ndi wa m'dera lanu, chifukwa nkhasi ya ku China, Pelodiscus sinensis, inafalikira m'mayiko ena kudzera mwa anthu oiweta n'kuitaya. Pozinyamula gwirani kumapeto kwa chigoba, pafupi ndi miyendo yakumbuyo, popeza khosi lake ndi lalitali moti limapindikira pamsana n'kuluma chala chimene mumayesa chili patali. Ziikeni m'beseni lapulasitiki losalala lokhala ndi madzi a m'dziwe momwemo, pamthunzi. Mukatero sambani m'manja ndi sopo, ndipo ana asazigwire, chifukwa akamba amanyamula Salmonella, tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba. N'chifukwa chake ku America analetsa mu 1975 kugulitsa tiakamba tosakwana mainchesi 4.