Funsani Alangizi: Mthunzi Pakhomo Pomwe Pakukonzedwa

Funso: Tikukonzetsa nyumba yathu ku Mpondasi, tawonjezera chipinda ndi khonde. Dzuwa la kuno mukulidziwa. Kodi tibzaliretu mango ndi nimu panopa amisiri akadali pa ntchito, kuti mthunzi ubwere msanga?
Mayi wa ku Mpondasi, Mangochi

Yankho: Mayi, dikirani amisiri achoke kaye. Mbande yobzala ntchito ili mkati imapondedwa ndi wilibala, ndipo madzi otsukira mafosholo a simenti amawotcha mizu. Pomwe ankakandira simenti paja, gumulani youma yonse, muchotse pamodzi ndi zidutswa za njerwa. Mukangokwirira ndi dothi, mtengo umakhala wachikasu chaka chonse osakula.

Chomwe mungachite lero ndi kusankha malo. Mango ndi nimu zikhale mamita 8 kapena kuposa kuchoka pakhoma, pa thanki ya chimbudzi ndi pomwe padutsa mapaipi, chifukwa mizu imalondola chinyezi n'kung'amba maziko. Bulugamu ndi malaina musaziyandikize n'komwe. Yang'ananinso kumwamba: pansi pa mawaya a ESCOM sipobzala mtengo wautali. Mthunzi wothandiza ndi wa mbali yolowera dzuwa, popeza ndi dzuwa lamasana mpaka madzulo lomwe limatenthetsa khoma usiku mpaka kusowa tulo.

Dzenje likhale masentimita 60 mulitali, mulifupi ndi kuya. Dothi lapamwamba liikeni padera, lisakanizeni ndi ndowa imodzi ya manyowa owola bwino, ndipo ndilo liyambe kubwerera m'dzenje. Mchenga wa kufupi ndi nyanja susunga madzi, ndiye kumeneko ndowa ziwiri sizichuluka. Manyowa aawisi ayi. Amawotcha mizu n'kuitana chiswe.

Bzalani mvula ikakhazikika, mu Disembala kapena Januwale. Ng'ambani chubu cha pulasitiki, ambiri amaiwala zimenezi. Ngati ndi mango olumikiza, polumikizira pakhale pamwamba pa dothi. Phimbirani ndi udzu wouma koma usakhudze tsinde. M'chilimwe choyamba thirirani ndowa ya malita 20 kawiri pa sabata, madzulo.

Za mbuzi musachite nazo chibwana. Njerwa zotsala kwa amisiri zija musataye: zisanjeni mozungulira mbande, mosiya mipata yolowera mphepo, mpaka kufika m'chiuno. Podikira mango, bzalani mapapaya awiri mamita atatu kuchoka pakhonde. Amabereka chaka chisanathe.