Kodi mwana apeze malikisi angati pa SAT kuti apate sikolashipu ku America?

Mayi wina wafunsa kuti mwana wake wamkazi, yemwe wakhoza MSCE ndi mapointi 9, afunika malikisi angati pa SAT, mayeso olowera m'makoleji a ku America, kuti koleji ya ku America imulipirire maphunziro chifukwa cha kukhoza bwino.

Mayi, poyamba tisasokoneze kawerengedwe. Pa MSCE mapointi akachepa ndiye kuti mwana wakhoza, koma pa SAT abwino ndi ochuluka. Malikisi amayambira 400 kulekezera 1600, ndipo amachokera m'zigawo ziwiri, Chingerezi ndi masamu, chilichonse kuyambira 200 mpaka 800.

Nambala imodzi yokwanira makoleji onse kulibe. Mwanayo asankhe kaye makoleji, kenako afufuze pa intaneti chikalata cha koleji iliyonse chotchedwa Common Data Set. Pa gawo C9 pamakhala malikisi a ophunzira amene analowa chaka choyamba. Theka la iwo limakhala pakati pa nambala yapansi ndi yapamwamba, ndipo mmodzi yekha mwa anayi ndiye amapitirira yapamwambayo. Wofuna malo chabe akhoza kukhala pakati, koma wofuna ndalama afike pa yapamwamba kapena aipitirire. Choncho 1350 ikhoza kubweretsa sikolashipu pa koleji ina, pamene pa ina siyingamupezetse ngakhale malo.

Makoleji ena amalemba poyera zomwe amafuna. University of Alabama, m'zaka zaposachedwapa, yakhala ikupereka imodzi mwa masikolashipu ake akuluakulu kwa ofika 1420 pa SAT, kapena 32 pa mayeso ena olowera ku koleji otchedwa ACT, ngati magiredi akusekondale nawonso ali apamwamba. Ine ndimalangiza kuti wofuna thandizo lalikulu aike mtima pa 1450. Koma Harvard, Yale, Princeton ndi MIT sizipereka ndalama chifukwa cha malikisi. Zimayang'ana kusowa kwa banja. Sikolashipu ya National Merit nayo musavutike nayo, siikhudza mwana wa ku Malawi wophunzira konkuno.

Kuyambira 2023 SAT imalembedwa pa kompyuta kunja kwa America: mafunso 98 m'maola awiri ndi mphindi 14. Chigawo chilichonse chili ndi mbali ziwiri, ndipo apa ndi pamene ana ambiri amagwera. Akalakwa kwambiri mbali yoyamba, kompyuta imawapatsa mafunso osavuta mbali yachiwiri, ndipo malikisi apamwamba safikikanso. Ana athu nthawi zambiri masamu amawatha. Chimawapha ndi kuwerenga Chingerezi mothamanga, mafunso 54 m'mphindi 64. Ayeserere ndi wotchi pambali, pa pulogalamu ya Bluebook ndi pa Khan Academy, zonse zaulere. Asasiye funso losayankha, poti kulakwa sachotsera malikisi.

Alembe kawiri ngati thumba likulola. Makoleji ambiri amatenga malikisi apamwamba a chigawo chilichonse n'kuwaphatikiza, ngakhale achokere masiku osiyana. Koma masikolashipu ambiri amatseka mu Novembala kapena Disembala, kalembera wa malo asanatseke, ndipo zotsatira zimatenga pafupifupi masabata awiri. Mayeso omaliza akhale a Okutobala.

Kalata ya sikolashipu ikabwera, muiwerenge modekha, Mayi. Masikolashipu ambiri amalipira fizi yokha. Chakudya, pogona, inshuwalansi ndi tikiti ya ndege zimatsalira inu, ndipo koleji imafuna umboni wa ndalamazo isanatumize fomu ya I-20 yofunsira viza. Malamulo a viza nawo amasintha, ndiye musanalipire mayeso funsani alangizi a EducationUSA ku Lilongwe.