Springboard yakale: itembenuzeni kaye ana asanapondepo

Aphunzitsi, mwati sukulu yanu yalandira springboard (thabwa la masipuling'i lodumphirapo pa masewera a jimunasitiki) yogwirapo kale ntchito ndipo mukufuna kudziwa ngati ana angadumphirepo. Chonde musaikhulupirire poyang'ana pamwamba. Kapeti amabisa zambiri. Itembenuzeni chagada, muione kunsi pamalo owala.

Yambani ndi thabwa. Limapangidwa ndi timatabwa topyapyala tomatidwa ndi guluu, ndiye likakhalitsa pa chinyezi timatabwato timayamba kulekana m'mphepete. Yendetsani chala m'mbali monse, kenako muone mozungulira mabawuti ndi pamene masipuling'i akhala, poti mng'alu umakonda kuyambira pamenepo. Mukapeza mng'alu, ngakhale wochepa ngati tsitsi, thabwalo latha ntchito. Musapite nalo kwa kalipentala kuti akhome misomali kapena kuphatikizapo thabwa lina. Thabwa la springboard limayenera kupindika ndi kubwerera, ndipo chigamba chimaliumitsa mbali imodzi. Mwana wobwera ndi liwiro lonse lidzamuponyera cham'mbali.

Pa masipuling'i ndi pamene ndikufuna mudekhe. Ngati ndi ochotseka, atulutseni onse, muwaimike pa tebulo losalala, ofanana mtundu pamodzi. Imene yafupika kuposa inzake yatopa. Ya dzimbiri lodya mkati kapena yopindika, tayani. Pobwezera, kumanja ndi kumanzere kufanane ndendende. Ya galimoto kapena ya njinga yamoto musayerekeze, ndipo yothyoka isawotcheredwe, chifukwa moto umasintha kulimba kwa chitsulo. Funani ya kampani imene inapanga springboard yanuyo. Dzina ngati Spieth, Gymnova kapena AAI limalembedwa pa kapeti kapena m'mbali. Ya mpikisano, malinga ndi FIG, bungwe loyang'anira jimunasitiki padziko lonse, imakhala masentimita 120 m'litali, 60 m'lifupi ndi pafupifupi 20 msinkhu wake kutsogolo. Yezani ngodya ziwiri zakutsogolozo ndi tepi. Zikasiyana, china chalakwika.

Mabawuti amangeni ndi sipanala. Malabala a kunsi akatha, springboard imatsetsereka mwana akaponda, choncho asintheni.

Kapeti wapamwamba musamuone ngati chokongoletsera. Akasalala kapena kumatuka, phazi limaterereka, ndipo pa masewera awa kuphonya kwa phazi si nkhani yaing'ono. Mu 1988 ku Tokyo, mtsikana wa ku America, Julissa Gomez, wa zaka 15, ankayeserera kadumphidwe ka Yurchenko, kamene munthu amafika pa springboard chafutambuyo. Phazi lake silinaponde bwino, anagunda mutu pa chida chimene amachidumpha akachoka pa springboard, nafa ziwalo. Anamwalira mu 1991. Masiku ano kadumphidwe aka sikaloledwa pa mpikisano popanda matiresi wooneka ngati U wozungulira springboard. Sindikunena kuti chida chake chinali chowonongeka ayi. Ndikungofuna muone zimene zimachitika phazi likaphonya pang'ono chabe. Ana anu sanafike pa Yurchenko, koma akakolo ndi msana wawo n'zosakhwima.

Zonse zikaoneka bwino, dumphanipo inuyo kaye pang'onopang'ono, pakati, kumanja, kumanzere, uku mukumvetsera. Kulira kwa "kwii kwii" kapena kugogoda kwa chitsulo kukutanthauza kuti china chamasuka. Ngati ana ndi aang'ono, chepetsani masipuling'i monga mwa malangizo a kampaniyo, chifukwa mwana wopepuka sangathe kupinda springboard youma, ndipo mphamvu yonse imabwerera m'mawondo mwake.

Za kasungidwe, kuno kwathu adani ndi chinyezi cha dzinja ndi chiswe. Musaisiye pa simenti ya m'sitolo ya sukulu kapena moyedzamira khoma lonyowa. Ikhale pa shelefu pouma, popanda kusanjikapo katundu, ndipo poisuntha muziinyamula awiri, osaikoka pansi. Kuyang'ana kwachangu kuchitike tsiku lililonse musanayambe, kutembenuza kuja kamodzi pa mwezi, ndipo muzilemba m'kope tsiku ndi zimene mwapeza kuti mphunzitsi wina akabwera adziwe poyambira.

Mukatha, jambulani kunsi kwake ndi masipuling'i ali pa tebulo, muike zithunzizo m'gulu muno tikuthandizeni kuona.