Mwana wotolatola usamukwapule, umuchotsere zakupha

Mdzukulu wanga wina wa ku Ndirande, mayi wa ana awiri, wandilembera ali ndi nkhawa ziwiri. Akuti zinthu zadula, ndiye wayamba kusunga chilichonse, mabotolo, zigubu, zitini, ndipo akufuna kuyamba kupanga yekha sopo monga amachitira anzake a ku banki mkhonde. Mwana wake wamwamuna wa Sitandade 6 naye watengera komweko. Amatola mabatire akutha n'kumawaswa, amasakaniza zamadzimadzi za m'nyumba potsanzira zomwe waona pafoni. Tsiku lina anamupeza m'bafa akutsokomola, maso ali psuu, atathira bulichi, uja ambiri timangoti Jik, m'mankhwala otsukira chimbudzi. Ndiye akufunsa kuti, "Agogo, ndimukwapule kuti asiye? Nanga kusunga kumene mumatiphunzitsa kuja si komwe kwandibweretsera zimenezi?"

Mdzukulu wanga, yamba wathokoza Mulungu kuti mwanayo anatuluka m'bafamo ndi miyendo yake. Bulichi akakumana ndi mankhwala a asidi, monga ambiri otsukira chimbudzi, amatulutsa mpweya wa klorini, womwe asilikali anaphera nawo anzawo ku Ypres mu 1915 pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Umapsereza mapapo. M'kachipinda kopanda zenera sumafuna nthawi yaitali. Ngati mpaka lero akutsokomolabe kapena akubanika, siya kuwerenga izi, pita naye kuchipatala.

Koma chikwapu ayi. Ndikufotokozera chifukwa chake.

Ife tinakula kwacha isanabwere, paja inalowa m'malo mwa mapaundi mu 1971. Kusunga sitinkakuphunzira pakamwa pa munthu, tinkangokuona. Bokosi la machesi linkakhala m'chitini pamwamba pa khoma, ndipo mayi ankang'amba kamtengo kamodzi ndi lezala kuti kayake kawiri. Moto ukazima ankatituma ndi phale kukapala kwa anansi. Kachidutswa ka sopo kankamatidwa pa sopo watsopano. Tayala likatha linkasanduka nkhwayira, chitini chikatha chinkasanduka koloboyi, malaya a bambo ankatsika n'kukhala a mwana, kenako chigamba, kenako chingwe cha koloboyi yemwe uja. Mwana wokulira pakhomo lotere amaphunzira kufunsa funso limodzi pa chinthu chilichonse: kameneka kangagwirenso ntchito yanji? Funso limenelo ndi lomwe lakupangitsa iwe kusunga zigubu, ndipo ndi lomwelo lomwe lamupangitsa mwana wako kuswa mabatire. Ukalikwapula mwa iye ndiye kuti ukudzikwapula wekha.

Anyamata a nthawi yathu funsolo tinkalifunsa ndi zinthu zoopsa. Panali mfuti ya machesi, ya kiyi wobowoka ndi msomali, yomwe inkalira mpaka agalu a m'mudzi kuthawa. Kiyi wina ankang'ambika, tizitsulo n'kulowa m'chala. Panali mabatire a tochi, omwe tinkawasenda kuti tichotse kamtengo kakuda ka pakati, ndipo ufa wake wakuda aphunzitsi ena ankatituma kuti tipake pabolodi likayera. Tinkapaka ndi manja, n'kupita kukadya chimanga chokazinga osasamba. Koma mfumu ya zonse anali kabaidi.

Achinyamata ambiri simumudziwa. Ndi timiyala totuwa tonunkha ngati adyo wowola, tomwe owotcherera zitsulo ankathira madzi kuti titulutse mpweya woyaka wa asetilini. Amuna ena obwera ku Joni ankabweranso ndi nyale zake, zomwe alenje ankazikonda usiku. Ife tinkatola nyenyeswa kuseri kwa shedi ya owotcherera n'kumaphulitsa nazo zitini kudambo. Chivindikiro chinkauluka kupitirira mtengo wa mango, ife m'manja pwapwapwa. Tsiku lina chitini chinachedwa kulira. Mnzathu wina, wamng'ono mwa tonse, anathamangira kukasuzumira. Chinamuphulikira kumaso. Ndimakumbukirabe nsidze zake zitapsa, ndi phala loyera lija litamatirira m'diso, iye akudzigudubuza paudzu. Phala limenelo ndi laimu, ndipo laimu amadya diso. Palibe mwa ife ankadziwa kuti chofunika chinali kumugoneka pamtsinje womwe unali pomwepo n'kutsuka disolo ndi madzi ambiri osalekeza. Tinamutengera kunyumba mozemba poopa kukwapulidwa, ndipo akuluakulu anadziwa dzuwa litapendeka. Diso limenelo silinaonenso mpaka anakalamba.

Taona pamene panaonongekera zinthu. Kabaidi anamupweteka, inde, koma chomwe chinamaliza diso ndi mantha a chikwapu ndi kusadziwa. Mwana amene amakwapulidwa chifukwa cha kuyesayesa sasiya, amangosamukira kudambo kumene iwe sungamuone, ndipo chikamuonekera amabisa. Wako unamupeza m'bafa la pakhomo pako. Umenewo ndi mwayi, usautaye.

Ena akuuza mwambi uja woti mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere imufotere yekha. Mwambi umenewo ndi wa zinthu zomwe zimafota mwana n'kutsala wamoyo. Sugwira ntchito pa asidi wa batire ya galimoto, pa petulo kapena pa tameki. Pamenepo sipafunika kuti aphunzire ndi thupi lake.

Choncho ntchito yoyamba ndi yako, osati ya mwana. Yendera nyumba yako ngati mlendo. Pali zinthu zomwe munthu wosunga sayenera kusunga. Botolo kapena chigubu chomwe munali mankhwala a mbewu kapena ophera tizilombo sichitsukika mpaka kuyenera madzi akumwa, mafuta ophikira kapena thobwa. Chibowole kuti wina asachitole. Palafini asakhale m'botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi, chifukwa kamwana kako kakang'ono sikawerenga, kamangodziwa botolo. Tameki wa pamsika, uja amamanga m'timapepala kuti ndi wa makoswe, ndi mankhwala a m'munda oopsa kwambiri, ndipo timibulu take takuda mwana amatiyesa chakudya. Makoswe tchera msampha kapena weta mphaka, zimenezo n'zotchipanso. Mapiritsi otuwa oika m'matumba a chimanga aja amatulutsa mpweya wakupha, ndiye asamaikidwe m'nyumba yogona anthu. Ndipo timabatire tozungulira ta m'mawotchi ndi m'zidole, mwana akameza kamodzi kamatha kupsereza kummero m'maola awiri okha.

Ngozi ikachitika usathamangire nzeru za kwa aneba. Mwana akamwa palafini usamusanzitse, chifukwa pobwerera amalowa m'mapapo. Pita naye kuchipatala utanyamula botololo. Mankhwala akalowa m'diso, madzi oyera ambiri kwa mphindi 20, kenako kuchipatala. Akapsa ndi moto, madzi ozizira kwa mphindi 20, osati mankhwala otsukira mano, osati dzira, osati mafuta. Mwana wako wa Sitandade 6 umuphunzitse zimenezi mpaka aziloweze ngati matebulo, ndipo umuuze maso ndi maso kuti tsiku lomwe iye kapena mnzake wapweteka, akabwera kudzanena sakwapulidwa.

Za sopo sindikukuletsa. Ndi nzeru yabwino, ndipo amayi ambiri akulipirira ana sukulu ndi yomweyo. Koma soda wa sopo si soda wa chigumu. Amadya khungu, amachititsa khungu la maso, ndipo akasungunuka amaoneka ngati madzi wamba. Ukaphunzire kwa amene wapangapo kale, uone ndi maso, osati pafoni pokha. Magolovesi ndi magalasi ugule usanagule china chilichonse, ndipo pamenepo usanenerere mtengo. Soda amathiridwa m'madzi pang'onopang'ono, madzi sathiridwa pa soda, chifukwa amawira n'kuthovukira kumaso. Usagwiritse poto wa aluminiyamu, soda amamudya. Upangire panja, ana ali kusukulu, ndipo sopoyo agone masabata anayi kapena kuposerapo asanakhudze thupi la munthu. Chotsala chikhale m'chitini cholembedwa, pamalo okiya.

Tsono mwanayo umupatse ntchito yoyenera mutu wake. Khitchini yako ndi yodzaza ndi sayansi yomwe agogo ako aakazi ankaidziwa popanda kuitchula dzina. Muotchereni limodzi zitsononkho, muike phulusa m'chitini chobowola pansi, muthire madzi, muone chidulo chikudontha. Kenako wiritsani chidede, mugawe madzi ake ofiira aja m'makapu awiri. Mu ina finyirani ndimu, aona akuwala kufiira. Mu inayo donthezani chidulo, aona akuda n'kupita kobiriwira. Mufunse chifukwa chake, ndipo ukalephera kumuyankha umutume kwa aphunzitsi ake a sayansi ndi makapu omwewo. Akamva kuti ndimu ndi asidi ndipo chidulo ndi mnzake wotsutsana naye, amvetsanso chifukwa chake therere limafewa ndi chidulo, chifukwa chake soda wa sopo amadya khungu, ndi chifukwa chake mabotolo a m'bafa aja sasakanizidwa. Mwana amene wamvetsa amadziletsa yekha kuposa amene wangoopsezedwa.

Umuuzenso za William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Njala ya 2001 mpaka 2002 itamuchotsa kusekondale chifukwa chosowa fizi, ali ndi zaka 14, ankabwereka mabuku pa kalaibulale ka kwawo n'kumatola zitsulo kudzala. Ndi fani ya thirakitala, mapaipi a pulasitiki, njinga yakutha, dayinamo ndi mitengo ya bulugamu anamanga makina oyendera mphepo omwe anayatsa magetsi kunyumba kwa makolo ake. Anthu ankamutcha wamisala. Anadzamaliza maphunziro ake ku Dartmouth College, ku America, mu 2014. Chomwe ndimafuna mwana wako agwirepo ndi chakuti mnyamata uja ankayamba wawerenga asanagwire waya. Ife a kabaidi tinalibe buku, tinalibe wamkulu woima pambali. Wako ali ndi mayi ake, ali ndi aphunzitsi, ndipo laibulale ya National Library Service mu Blantyre momwemo ilipo. Lamulo likhale lakuti chilichonse chomwe waona pafoni ayambe wakuonetsa iwe, ndipo chokhala ndi moto, utsi kapena botolo lotseka sichiyesedwa pakhomo.

Ndimalize ndi inu anyamata a kabaza, poti mmodzi wa inu anandifunsanso kutchalitchi ngati kuli kulakwa kusunga petulo wa mawa mafuta akamasowa. Ndikumvetsa. Kuchokera pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense amafuna kugula lero zomwe zikwere mawa, ndipo tsiku logona pamzere ndi tsiku lopanda ndiwo kunyumba. Koma petulo sayaka ndi madzi ake okha, amayaka ndi mpweya wake, ndipo mpweyawo ndi wolemera, umakwawa pansi kuchoka pachigubu mpaka kukapeza mbaula kapena kandulo kuchipinda china. Magetsi akazima mkazi wako amayatsa kandulo osadziwa zomwe zili pansi pa bedi. Pitani ku wodi ya opsa ku Queen Elizabeth mukaone mmene bala la moto limachedwera kupola, ndi ndalama zomwe abale amathera posamalira wodwala mmodzi. Mafuta akhale m'thanki ya njinga. Ofuna kusunga za mawa asunge ndalama, kaya ku banki mkhonde kaya pafoni, achepetse mabandulo ndi kubetcha pa mpira, asiye katapila. Ndipo nyengo yozizira, mu Juni ndi Julaye, ndisamve kuti wina walowetsa mbaula m'chipinda n'kutseka mazenera kuti makala asapite pachabe. Utsi wa makala woopsawo suoneka ndipo sununkha, munthu amangomva mutu ndi tulo. Makala otsala azimitseni ndi mchenga panja, muwayatsenso m'mawa.