Kodi nkhawa ikukulitsa khansa ya m'kamwa ya bambo anga?

Mlongo wanga, mwafunsa ngati nkhawa ndiyo ikukulitsa chilonda cha khansa m'kamwa mwa bambo anu, poti sakugona ndipo akupsa mtima msanga. Pepani ndithu.

Khansa imeneyi kawirikawiri imabwera ndi fodya, ngakhale nsunko woika m'kamwa, komanso mowa. Maganizo sindiwo anaiyambitsa, choncho musawaimbe mlandu.

Koma nkhawa imagwiradi thupi. Pamwamba pa impso pali tiziwalo tiwiri totulutsa cortisol ndi adrenaline, timadzi ta m'thupi (mahomoni) timene timachuluka munthu akakhala ndi nkhawa. Cortisol amakwera m'mamawa, usiku n'kutsika kuti munthu agone. Mantha akatenga miyezi, zimenezi zimasokonekera: tulo timathawa, shuga amakwera, zilonda zimachedwa kupola. Komanso pakamwa ndi podyera ndi polankhulira. Bambo ozolowera nsima yolimba lero akumwa phala, malovu auma ndi radiotherapy (chithandizo chowotcha khansa ndi makina), alendo akabwera akubisa nkhope. Ndani sangakwiye?

Mukapita ku Cancer Diseases Hospital, chipatala cha khansa ku Lusaka, pafupi ndi chipatala chachikulu cha UTH, adokotala auzeni za tulo ndi ululu monga mumawauzira za chilondacho, ndipo pemphani mlangizi. Madzulo muzidyera nawo limodzi, ngakhale iwo ali pa phala, ana asamawasiye okha kuchipinda.