Kodi Ndisiye Zilankhulo Zinazi N'kugwira Chimodzi?

Mnyamata wina wandilembera imelo yonena kuti wakhala akulemba timapulogalamu toyeserera m'zilankhulo za kompyuta za Python, JavaScript, Java ndi C, koma mpaka pano sanapange chilichonse chimene munthu angagwiritse ntchito, ndipo akufunsa ngati ndi bwino asankhe chilankhulo chimodzi. M'bale wanga, funso lanuli landikhudza kwambiri chifukwa njira imene mukuyendayo ndikuidziwa bwino.

Inenso ndinayambira pa Project Euler, webusaiti ya mafunso a masamu oyankha polemba mapulogalamu, imene Colin Hughes anayambitsa mu 2001. Funso lake loyamba limafuna kuti muphatikize manambala onse osafika 1000 amene amagawika ndi 3 kapena 5, ndipo yankho lake ndi 233168. Ndinalilemba m'chilankhulo chilichonse chimene ndinkachidziwa, ndipo nambalayo ikatuluka mtima unkakhala m'malo. Komabe chimene chinandiphunzitsa kwenikweni ndi gulu la banki m'khonde la azakhali anga, limene pakutha pa chaka linkavutika kugawana ndalama molingana ndi masheya a munthu aliyense pamodzi ndi chiwongoladzanja chake. Anandipatsa kope lawo lodzaza ndi manambala, ine n'kulemba kapulogalamu kochepa mu Python kowerengera gawo la mayi aliyense.

Katayamba kugwira ntchito, ndinakalembanso mu C pofuna kuona kusiyana kwake, ndipo apa m'pamene maso anga anatseguka. Mu C, mukagawa 7 ndi 2, onse awiri ali manambala athunthu, mumapeza 3 chifukwa chotsalacho chimatayidwa, pamene Python 3 imakupatsani 3.5. Kuwonjezera apo, mu Python ndi mu JavaScript momwe, 0.1 kuphatikiza 0.2 amatulutsa 0.30000000000000004, chifukwa kompyuta imasunga manambala pogwiritsa ntchito 0 ndi 1, ndipo gawo limodzi mwa magawo khumi silingalembedwe ndendende mwa njira imeneyo. Pa funso loyeserera zimenezi munthu amangozidutsa, koma pa ndalama za amayi amene asunga chaka chonse, ngakhale kwacha imodzi siyenera kusowa. N'chifukwa chake ndinayamba kuwerengera zonse m'matambala, monga manambala athunthu, n'kumasinthira ku makwacha pomaliza penipeni.

Choncho sindigwirizana ndi anthu amene amati timapulogalamu toyeserera n'kutaya nthawi, chifukwa ndi timeneti timene timazoloweretsa munthu kuganiza mwadongosolo. Chimene ndikukana kwamtuwagalu ndi chizolowezi chothawira ku chilankhulo chatsopano nthawi iliyonse imene chakalecho chayamba kuvuta. Kulemba FizzBuzz, kapulogalamu kosavuta koyeserera ka ongoyamba kumene, m'zilankhulo khumi kumangokuphunzitsani pamene pamakhala zizindikiro, ndipo kumapusitsa mtima kuti mukupita patsogolo pamene mukungozungulira pa phunziro loyamba lomwelo. Zotsatsa ntchito zimene zimandandalika zilankhulo zambirimbiri pa udindo umodzi nazonso zimawonjezera mantha mwa achinyamata oti chilankhulo chimodzi sichokwanira, ndipo zimandikwiyitsa.

Tisaiwale kuti zilankhulozi zinabadwa chifukwa panali ntchito yofunika kugwiridwa. Dennis Ritchie anapanga C ku Bell Labs cha mu 1972 kuti alembere Unix, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse, ndipo Brendan Eich anapanga JavaScript mu 1995 ku Netscape kuti masamba a pa intaneti azitha kuyankha munthu akadina penapake. Ndi ntchito yomweyi imene imakuululirani khalidwe la chilankhulo. Munthu amene sanalandirepo nambala kuchokera pa fomu ya pa intaneti sangamvetse kuopsa kwakuti mu JavaScript "5" + 3 amatulutsa "53", pamene "5" - 3 amatulutsa 2, pakuti nambala yochokera pa fomu imafika ngati mawu, monga "5" ameneyu.

Tsono muchite chiyani?

Gwirani chimodzi, ndipo ine ndingakusankhireni Python. Pezani munthu wapafupi amene ali ndi ntchito yobwerezabwereza, kaya ndi mphunzitsi wophatikiza malikisi kapena wa golosale wowerengera katundu, ndipo mumulembere kapulogalamu kamene adzakagwiritsedi ntchito. Kakayamba kuyenda bwino, kalembeninso m'chilankhulo chachiwiri n'kuyerekeza ndi zitsanzo za pa webusaiti ya Rosetta Code, pamene ntchito imodzi imalembedwa m'zilankhulo zambiri. Mafunso oyeserera musawasiye, ndipo mwezi wa Disembala ukafika muyese a pa webusaiti ya Advent of Code, amene akhala akutuluka chaka chilichonse kuyambira mu 2015, koma muwayankhe onse m'chilankhulo chimene mwasankhacho.