Mukati "last summer", Mngelezi wamva chaka chiti?

Abale amene mwangofika kuno ku Britain, takulandirani. Chizungu munachiphunzira kusukulu ndipo ambiri mumachilankhula bwino, koma pali malo amodzi pamene anthu athu amapunthwa kawirikawiri: kutchula nthawi imene yapita. Nkhaniyi ndimaitenga kuti ndi yaikulu, chifukwa kwa dokotala, kuntchito yosamalira okalamba, ngakhale pa mafomu a viza, mawu amodzi amatha kusuntha nkhani ndi chaka chathunthu.

Kwathu timadziwa dzinja la mvula, kuzizira kwa Juni ndi Julayi, ndi kutentha kwa Okutobala. Kuno nyengo ndi zinayi: spring kuyambira Malichi mpaka Meyi, summer Juni mpaka Ogasiti, autumn Sepitembala mpaka Novembala, winter Disembala mpaka Febuluwale. Ndiye kuti nthawi imene ku Dedza anthu akuotha moto, kuno ndi summer. Inu amene mwadzera ku Joni, samalani koposa, pakuti ku Johannesburg Khirisimasi imagwa mu summer pamene kuno ndi pakati pa winter. Mukauza bwana kuti munagwira ntchito ina "last winter" inu mukuganiza za Julayi, iye wamva Januwale.

Ngakhale eni chinenerowo amasemphana. Munthu akati "last summer" mu Okutobala, wina amva miyezi itatu yangothayi, wina amva ya chaka chatha. Ambiri akafuna yangothayi amati "this summer" kapena "this past summer", akafuna ya kumbuyo kwake amati "the summer before last". Winter ndiye imadutsa zaka ziwiri, iyamba Disembala 2023 n'kukathera Febuluwale 2024. Pocheza zimenezi sizivuta, munthu akhoza kufunsanso. Koma pamene akulemba zimene mukunena, siyani nyengo, tchulani mwezi ndi chaka: "in August 2023". Palibe amene angakusekeni chifukwa cholondola.

Kakang'ono kena: patsogolo pa last, this ndi next sipabwera "in". Amati "I came last summer", osati "in last summer". Ndipo polemba, mayina a nyengo ayamba ndi chilembo chaching'ono, pamene miyezi ndi masiku ziyamba ndi chachikulu.

Chimene ndikufuna mugwiritsitse ndi ichi. M'Chichewa timati "ndili kuno kuyambira Malichi", ndiye pakamwa pamathamangira "I am here since March". Iwo amati "I have been here since March". Since imatsatiridwa ndi pamene chinthu chinayambira, for imatsatiridwa ndi kutalika kwa nthawiyo, monga "for six months", pamene ago ndi ya chinthu chimene chinachitika n'kutha: "I arrived six months ago". Ukatchula tsiku lenileni monga yesterday kapena last week, have imachoka. "I have arrived yesterday" silimveka bwino m'khutu mwawo.

Mungaganize kuti ndi zamayeso chabe, koma taonani kwa GP, dokotala wa m'dera lanu amene mumayamba kuonana naye mukadwala. Mukati "I had chest pain on Monday", dokotala wamva kuti chifuwa chinapweteka Lolemba ndipo chinaleka. Mukati "I have had chest pain since Monday", wamva kuti chikupwetekabe mpaka pano, ndipo achita nanu changu china. Nthawi yoonana ndi GP imakhala yochepa, kawirikawiri mphindi 10 kapena kupitirira pang'ono, choncho chiganizo choyambacho chikhale choona. Kwa inu osamalira okalamba n'chimodzimodzi. "She did not eat lunch" akutanthauza kuti gogoyo anakana nkhomaliro yokha. "She has not eaten since lunch" akutanthauza kuti chidyereni masana sanalawenso kanthu. Mnzanu wolowa usiku adalira zimene mwalembazo, ndipo achibale a gogoyo akhoza kudzaziwerenga.

Pofunsidwa ntchito pali msampha winanso. "I used to work nights" ndiye kuti kale ndinkagwira usiku koma ndinasiya. "I am used to working nights" ndiye kuti ndinazolowera. Amene akufuna wantchito wausiku akufuna kumva chachiwiricho.

Madeti kuno amalembedwa monga kwathu, tsiku kenako mwezi, kotero 03/04/2025 ndi 3 Epulo. Ku America deti lomwelo ndi 4 Malichi, choncho pa kalata yopita kutali lembani mwezi m'mawu. Dziwaninso kuti "last year" ya msonkho si ya kalendala: chaka cha msonkho chimayamba pa 6 Epulo n'kutha pa 5 Epulo. Mawotchi nawo amasintha Lamulungu lomaliza la Malichi ndi la Okutobala, n'chifukwa chake Lilongwe amakhala patsogolo ndi ola limodzi mu summer koma maola awiri mu winter.

Gulani kabuku lero. Lembanimo tsiku limene munalowa m'dziko muno, limene munayamba ndi kusiya ntchito iliyonse, limene munasamuka nyumba, ndi ulendo uliwonse wa kumudzi, kupita ndi kubwera. Podzapempha chilolezo chokhazikika, a Home Office, nthambi ya boma yoona za ma viza, amafuna madeti enieni a nthawi zonse zimene munatuluka, ndipo pa ma viza ambiri a ntchito lamulo ndi losapitirira masiku 180 kunja m'miyezi 12 iliyonse.